Zosema za Paguwa la Nsembe: Ntchito Yake M'mapemphero a Akatolika

M'tchalitchi cha Maria Woyera, chimene chili pabwalo la msika waukulu wa mzinda wa Kraków ku Poland, muli mwambo umene alendo amaudikirira nthawi ikamayandikira 12 koloko masana. Sisitere amabwera ndi ndodo yaitali n'kukankha zitseko ziwiri zikuluzikulu zamatabwa zimene zili kuseri kwa guwa la nsembe. Zikatseguka, maso amakumana ndi golide, utoto wabuluu, ndi khamu la anthu osemedwa pamtengo, ena otalika pafupifupi mamita 2.7. Pakati pawo Amayi Maria agwada, mphamvu zikuwathera, ndipo mtumwi wina wawagwira kuti asagwe. Atumwi anzake awazungulira, nkhope zitakwinyika ndi chisoni, mitsempha ikuoneka m'manja ndi m'miyendo. Pamwamba pa mitu yawo Yesu akutenga Amayi akewo kunka nawo kumwamba.

Anasema zimenezi ndi Veit Stoss, mmisiri amene anachoka ku Nuremberg, mzinda wa ku Germany, m'chaka cha 1477 n'kumaliza ntchitoyi mu 1489. Chosema chonsecho n'chotalika mamita pafupifupi 13, ndipo zitseko zikatseguka m'lifupi mwake mumakwana mamita 11. Muli ziboliboli pafupifupi 200. Anthu a mumzindamo ndi amene anasonkha ndalama zake, ndalama zagolide 2,808, zimene zinali pafupifupi zofanana ndi zimene mzinda wonse unkagwiritsa ntchito pachaka. Tsono funso limene munthu sangalephere kufunsa ndi ili: anthu awononge chuma chonsecho, adikire zaka 12, kenako chinthu chokongolacho achiikire zitseko zochibisa? Lero amachitsegula kawirikawiri chifukwa cha alendo, koma m'masiku a Stoss chinkakhala chotseka pafupifupi chaka chonse. Amene wamvetsa chifukwa cha zitsekozo wamvetsa ntchito ya zosema za paguwa. Sizinapangidwe kuti zingokongoletsa khoma. Zinali zipangizo za mapemphero monga belu, chikho ndi buku la Misa, ndipo zinali ndi nthawi yake yogwira ntchito ndi nthawi yake yopuma.

M'zaka mazana oyambirira a Chikhristu guwa linali tebulo chabe, ndipo pamwamba pake sankalola kuikapo zambiri kupatula mkate, chikho ndi buku la Uthenga Wabwino. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kuikapo timabokosi ta mafupa ndi zotsalira zina za oyera, kenako thabwa lalifupi lojambulidwa kumbuyo kwake. Chimene chinakulitsa thabwalo ndi mmene Misa inkachitikira m'zaka za m'ma 1200. Wansembe ankaima mbali imodzi ndi anthu, onse atayang'ana kuguwa. Ankapemphera m'Chilatini, ndipo mawu opatulira mkate ndi vinyo ankawanena motsitsa. Akhristu wamba sankalandira Ukaristia pafupipafupi. Msonkhano waukulu wa Lateran wa 1215 unachita kulamula kuti aliyense azilandira kamodzi pachaka, pa Pasaka, chifukwa ambiri ankatha nthawi yaitali osayandikira. Msonkhano womwewo unatsimikiza chiphunzitso chakuti mkate ndi vinyo zimasandukadi Thupi ndi Magazi a Khristu. M'nyengo yomweyo unafala mwambo woti wansembe azikweza Ukaristia pamwamba pa mutu wake anthu aone, ndipo mu 1264 Papa Urban IV anakhazikitsa chikondwerero cha Thupi la Khristu mu Mpingo wonse.

Choncho kwa mlimi kapena wosoka nsapato wa nthawiyo, pachimake pa Misa panali pamene belu lalira, iye n'kudzutsa mutu kuona kamkate koyera katakwezedwa. Mawu sankawamva, kulandira sankalandira, chake chinali kuona. Ndiye chimene chinali kuseri kwa kamkateko chinali ndi ntchito yaikulu. Ngati panali Yesu wopachikidwa, maso ankaona thupi la pamtanda ndi Thupi la m'manja mwa wansembe nthawi imodzi. Ngati panali Amayi Maria atanyamula mwana, ankaona kumene thupilo linachokera. Chosemacho chinkafotokozera maso zimene makutu ankalephera kutola.

Pofika m'zaka za m'ma 1400, kumaiko a Germany, Austria, Poland, Bohemia, Hungary ndi Netherlands kapangidwe kake kanali katakhazikika. Tingachiyerekeze ndi kabati yaikulu yoikidwa pamwamba pa guwa chakumbuyo. Pansi pamakhala kabokosi kakafupi koma kotambalala, kokweza zonsezo kuti zitseko zisamagunde makandulo ndi mutu wa wansembe. M'menemo nthawi zambiri ankasungamo zotsalira za oyera kapena kusemamo Mgonero wa Ambuye, pomwe ku Kraków muli mtengo wa Jese, wosonyeza makolo a Yesu. Pamwamba pake pamabwera bokosi lalikulu la ziboliboli. M'mbali mwake muli zitseko, zojambulidwa kunja, zosemedwa kapena zojambulidwa mkati. Pamwamba penipeni pamakhala nsanja zopyapyala zamatabwa, zolukanalukana, zokwera mpaka pafupi ndi denga. Chachitali kuposa zonse za mtunduwu chili m'tchalitchi cha Yakobo Woyera ku Levoča m'dziko la Slovakia, ntchito ya mmisiri Pavol, ndipo chimafika mamita 18.6.

Kuti tione zitseko zikugwira ntchito, tipite ku St Wolfgang, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja ku Austria komwe anthu ankapitako paulendo wa chipembedzo. Mu 1471 mkulu wa amonke a ku Mondsee anapangana ndi Michael Pacher, amene anali wosema komanso wojambula, ndipo ntchito inatha mu 1481. Chosema chimenechi chili ndi zitseko ziwiri kumanja, ziwiri kumanzere, moti chili ndi nkhope zitatu. Masiku apakati pa sabata zonse zinkakhala zotseka, anthu n'kumaona zithunzi zinayi za moyo wa Wolfgang Woyera, mwini malowo, akulalika, akumanga tchalitchi, akuthandiza osowa, ndipo m'mbali mutaima ziboliboli za George ndi Florian atavala zankhondo. Lamulungu ankatsegula zitseko zakunja zokha, kukaoneka zithunzi zisanu ndi zitatu za ntchito za Yesu: ubatizo wake, ukwati wa ku Kana, kudyetsa khamu la anthu, kuukitsa Lazaro. Pa zikondwerero zazikulu zokha ndi pamene zitseko zamkati zinkatseguka, anthu n'kuona zosemedwa zenizeni, Amayi Maria atagwada pamaso pa Khristu Mfumu, atavekedwa chisoti chaufumu, zonse zikunyezimira golide.

Taganizani munthu amene kunyumba kwake kulibe chithunzi n'chimodzi chomwe, sadziwa kuwerenga, ndipo kuwala kumene amakudziwa usiku n'kwa moto ndi kandulo. Wakhala milungu yambiri akuyang'ana zitseko zotseka. M'nyengo ya Lenti matchalitchi ambiri ankapachikanso chinsalu chachikulu chobisa guwa lonse, monga chija cha 1472 chimene chikusungidwabe ku Zittau m'dziko la Germany, kuti maso nawonso asale kudya pamodzi ndi mimba. Kenako Pasaka ikwana, chinsalu chichotsedwa, zitseko zitseguka, golide awala. Munthu ameneyo sankafunika kuuzidwa kuti lero ndi tsiku lalikulu. Kalendala ya Mpingo ankaiona ndi maso.

Tili ndi umboni wolembedwa wa mmene ankasamalira zimenezi. Chosema chomaliza cha Veit Stoss, cha m'zaka za 1520 mpaka 1523, anachipangira tchalitchi cha ansembe a chipani cha Karimeli ku Nuremberg, kumene mwana wake Andreas anali mkulu. Andreas analemba malangizo: chitsegulidwe pa Khirisimasi, Pasaka, Pentekoste, tsiku la Kukwera Kumwamba, la Utatu Woyera, la Oyera Onse, la Thupi la Khristu, zikondwerero za Amayi Maria ndi masiku ena ochepa, chipukutidwe kawiri pachaka, pasayatsidwe makandulo akuluakulu pafupi nacho chifukwa cha utsi, ndipo wina asachipake utoto mwachisawawa. Ife lero tinatsala ndi kachidutswa ka mwambo umenewu, pamene timaphimba mitanda ndi ziboliboli ndi nsalu yapepo kuyambira Lamulungu lachisanu la Lenti, n'kudzavundukula mtanda Lachisanu Loyera. Ine ndimaona kuti makolo amenewa ankadziwa chinthu chimene ife, amene zithunzi zimatithira m'maso pafoni kuyambira m'mawa mpaka usiku, tayamba kuchiiwala: chimene umachiona tsiku lililonse umasiya kuchiona.

Zosema zina zinali ndi anthu ake enieni. Ku Isenheim, m'chigawo cha Alsace chimene lero chili m'dziko la France, amonke a Antonio Woyera ankasamalira odwala matenda obwera chifukwa cha chuku cha mbewu ya rye, matenda amene ankaotcha thupi ngati moto n'kuwoletsa manja ndi miyendo. Paguwa la tchalitchi chawo panali ziboliboli za Nikolaus Hagenauer, Antonio Woyera atakhala pampando pakati pa Augustino ndi Jeromu, ndipo zitseko zake anajambula Matthias Grünewald pakati pa 1512 ndi 1516. Zikakhala zotseka, wodwala ankaona Yesu pamtanda thupi lonse lili zilonda zokhazokha, zala zitapindika ndi ululu, khungu litasintha mtundu. Ankaona Mulungu amene khungu lake likufanana ndi lake. Zikatseguka ankaona Yesu yemweyo atauka, thupi lili losalala, mabala okha akuwala.

Ntchito yopanga chosema chimodzi inkafuna amisiri angapo. Kalipentala ankapanga bokosi, zitseko ndi nsanja. Wosema ankapanga ziboliboli. Wopaka utoto ndi golide ankamalizitsa. Wosula ankapanga mahinjesi olimba oti anyamule zitseko zolemera chotero kwa zaka mazana. Mtengo unkatengera dera. Kumwera kwa Germany ndi ku Kraków ankakonda linden, mtengo wofewa, wopepuka, wolola mpeni kudula mbali iliyonse osang'ambika, n'chifukwa chake tsitsi, ndevu ndi makwinya a zovala m'ntchito za kumeneko zimaoneka ngati zikuuluzika ndi mphepo. Kumpoto ndi ku Netherlands ankagwiritsa ntchito oak, wolimba kwambiri, wambiri wake wochokera kumaiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic. Wosema ankagoneka chipika pakati pa zitsulo ziwiri zoti azichitembenuza, n'kuyamba ndi nkhwangwa ndi sompho, kenako matchizulo, pomaliza timipeni. Kumbuyo kwa chiboliboli ankakumbako mphako yaikulu n'kuchotsa mtima wa mtengo. Wosema aliyense wa kwathu kuno akudziwa chifukwa chake: kunja kwa chipika kumauma msanga kuposa mkati, ndipo ukasiya mtima, chiboliboli chimang'aluka kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Akatha kusema, ming'alu ndi mfundo ankazimata ndi nsalu, n'kupaka choko chosakaniza ndi guluu wa zikopa, kupaka, kuumitsa, kupala, kubwerezanso kangapo. Poti paikidwe golide ankayamba apakapo dothi lofiira losalala, kenako n'kuyalapo golide wosulidwa mpaka kupyapyala moti mpweya wa m'mphuno ukhoza kumuulutsa, n'kumukwecha ndi dzino la nyama kapena mwala wosalala mpaka awale. Utoto wabuluu unkachokera ku mwala wopera. Kawirikawiri golide ndi utoto zinkadya ndalama zofanana ndi zosemera, mwinanso kuposa.

Ndalamazo zinkachokera kwa akuluakulu a mizinda, amonke, mabanja olemera, komanso mabungwe a amisiri ndi a mapemphero. Tchalitchi chachikulu sichinkakhala ndi guwa limodzi. M'mbali ndi patsinde pa mizati munali maguwa ena ambiri, lililonse loperekedwa kwa woyera wake, ndipo chosema chinkadziwitsa kuti guwali ndi la yani. Ophika buledi anali ndi lawo, osula ndi lawo, oyenda panyanja ndi lawo. Pamenepo ndi pamene ankachitira Misa ya woyera wowayang'anira, ndi Misa zopempherera anzawo amene anamwalira. Wopereka ndalama nthawi zambiri ankajambulidwa pakona atagwada, kuti amene adzapemphere pamenepo azimukumbukira. Msika unakula moti ku Antwerp ndi ku Brussels zosema zinkapangidwa zambirimbiri zogulitsa kunja, zina zisanaitanitsidwe n'komwe. Bungwe la amisiri a ku Antwerp linkayendera ntchito iliyonse, likakhutira ndi mtengo n'kuotchapo chizindikiro cha dzanja. Zambiri zinapita ku Germany, ku Spain ndi ku Sweden, ndipo kadzanja kaja kakuonekabe pamitu ya tiziboliboli take.

Pa zosema zonse zimenezi, chimene chimalalika mozama koposa, m'kuona kwanga, ndi cha Magazi Oyera cha ku Rothenburg ob der Tauber m'dziko la Germany. Tchalitchi cha Yakobo Woyera kumeneko chinkasunga kansalu kamene ankakhulupirira kuti kanadonthedwa vinyo wopatulidwa pa Misa, ndipo anthu ankabwera kuchokera kutali kudzapemphera. Kansaluko kali m'kamwala koonekera mkati, pakati pa mtanda umene uli pamwamba pa chosemacho. Bokosi lake anapanga kalipentala Erhart Harschner, ndipo ziboliboli anasema Tilman Riemenschneider wa ku Würzburg kuyambira 1501 mpaka 1505. Nkhani yake ndi Mgonero wa Ambuye, monga kuyenera pamalo olemekezera Magazi a Khristu. Koma pakati penipeni, pamene aliyense angayembekeze kuona Yesu, Riemenschneider anaikapo Yudasi. Waima, thumba la ndalama lili m'dzanja, wayang'ana Yesu amene wakhala chakumbali ndipo akumupatsa nthongo ya mkate, monga zalembedwa pa Yohane 13:26. Atumwi ena akufunsana, ena asokonezeka. Yohane wagona pachifuwa pa Ambuye, wabisika pang'ono kuseri kwa Yudasiyo.

Mlendo amene wayenda masiku kuti adzaone Magazi Oyera, akadzutsa maso, woyamba kukumana naye ndi munthu amene analandira kuchokera m'dzanja la Yesu lenilenilo koma mtima uli kwina. Nkhope ya Yudasi si ya chilombo, ndi ya munthu wamba wovutika mumtima. Funso limene atumwi ankafunsa usiku uja, lakuti kodi ndine, limagwera woonerayo. Riemenschneider sanapake golide kapena utoto. Anangodetsa mboni za maso, kufiiritsa milomo pang'ono, n'kupaka madzi opyapyala a mtundu wa uchi pamtengo wonse. Kumbuyo kwa bokosi anaboolako mazenera agalasi, moti dzuwa likamayenda, kuwala kumasuntha pankhope za atumwi, nthawi ina Yudasi n'kutsala mumdima anzake akuwala. Chiboliboli cha Yudasicho chinapangidwa moti chikhoza kuchotsedwa pamalo pake.

Apa wowerenga wina, mwina mnansi wathu wa mpingo wina, anena kuti zonsezi n'zokoma kumva, koma mafano ndi mafano basi, ndipo Eksodo 20 akuletsa. Funsoli si lachilendo, ndipo siliyenera kuyankhidwa mwachipongwe, chifukwa Mpingo womwe unalimbana nalo kwa zaka mazana. Cha m'ma 600, episkopi Serenus wa ku Marseille anaphwanya zithunzi za m'tchalitchi ataona anthu akuzipembedza. Papa Gregory Wamkulu anamulembera kuti anachita bwino kuletsa kupembedza zithunzi, koma analakwa kuziphwanya, popeza chimene malemba amachitira odziwa kuwerenga, chithunzi chimachitira osadziwa. Mu 787, pambuyo pa mkangano woopsa kumaiko a kum'mawa, msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea unasiyanitsa kupembedza, kumene ndi kwa Mulungu yekha, ndi kulemekeza, ndipo unati ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho. Maziko ake ndi akuti Mulungu wosaoneka anadzakhala munthu wooneka, wokhala ndi nkhope. Baibulo lomwelo limene likuletsa mafano likusimba za akerubi agolide pa Bokosi la Chipangano pa Eksodo 25, ndi za njoka yamkuwa ya Mose pa Numeri 21. Koma likusimbanso pa 2 Mafumu 18 kuti mfumu Hezekiya anaiphwanya njoka yomweyo anthu atayamba kuifukizira lubani. Chinthu chopangidwa molamulidwa ndi Mulungu chikhoza kusanduka fano m'mitima ya anthu, ndipo Mkatolika woona mtima sangakane kuti m'zaka za m'ma 1500 zoterezi zinalipo: ziboliboli zina zinkatengedwa ngati zili ndi mphamvu pazokha, ndipo olemera ena ankapikisana kumanga maguwa osauka akugona ndi njala pakhomo pa tchalitchi.

Madandaulo amenewa anaphulika pa nthawi ya kugawanika kwa Mpingo. Mu 1522 mlaliki Andreas Karlstadt analemba ku Wittenberg kuti zithunzi zichotsedwe, anthu n'kuyamba kuswa, mpaka Martin Luther anabwerera kudzaletsa chiwawacho. Ku Zürich mu 1524 akuluakulu a mzinda anatseka matchalitchi n'kuchotsamo zonse mwadongosolo. Ku Basel mu 1529 ziboliboli zinaunjikidwa n'kutenthedwa. Mu 1566 chipwirikiti chinasesa Netherlands, ndipo tchalitchi chachikulu cha ku Antwerp chinasakazidwa mu Ogasiti chaka chimenecho. Amisiri anasowa ntchito. Nuremberg italandira chiphunzitso cha Luther mu 1525, Andreas Stoss anathamangitsidwa mumzinda, bambo ake anamwalira mu 1533 asanalandire malipiro onse a chosema chija, ndipo pambuyo pake chinasamutsidwira ku Bamberg kumene chili mpaka lero. Riemenschneider, amene anakhalapo meya wa Würzburg, anamangidwa mu 1525 chifukwa choima kumbali ya alimi oukira, ndipo kuchokera pamenepo sanapangenso ntchito yaikulu mpaka imfa yake mu 1531.

Chodabwitsa n'chakuti zosema zambiri zakalezi zinapulumukira m'matchalitchi a Lutheran. Luther ankati zithunzi si zofunika pa chipulumutso komanso si tchimo, choncho anthu ake anangozisiya pamene zinali, pomwe Akatolika ambiri anadzachotsa zawo n'kuikapo zamakono za m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Tchalitchi cha ku Rothenburg ndi cha Lutheran. Ku Creglingen, chosema cha Riemenschneider cha Kutengedwa kwa Amayi Maria chinatsekedwa n'kubisika kuseri kwa matabwa mpaka 1832, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake udakali woyera.

Mpingo wa Katolika unayankha pa msonkhano wa ku Trent mu Disembala 1563. Unati zithunzi za Khristu, Amayi Maria ndi oyera zikhalebe m'matchalitchi, osati poganiza kuti muli umulungu kapena mphamvu mwa izo, koma chifukwa cha amene zikuwaimira. Unalamulanso maepiskopi kuchotsa zamatsenga, zofuna phindu ndi zithunzi zosayenera. Pambuyo pake, makamaka potsata malangizo a episkopi Charles Borromeo wa ku Milan a 1577, tabernakulo, kabokosi kosungiramo Ukaristia, inayamba kuikidwa pakati pa guwa lalikulu, ndipo zosema zinasanduka mpando waulemu wozungulira Ukaristia wosungidwawo. Zitseko zinatha. Ku Spain kunali kale mtundu wina, khoma lathunthu la zosema lopanda zitseko lotchedwa retablo. La m'tchalitchi chachikulu cha Seville analiyamba Pieter Dancart mu 1482, n'kudzatha mu 1564, ndipo ndi lotalika mamita oposa 20, lokhala ndi nkhani zosemedwa zoposa 40 za moyo wa Yesu ndi Amayi ake.

Mtundu umenewu ndi umene unawoloka nyanja ndi Asipanishi ndi Apwitikizi kupita ku Mexico, Peru, Brazil, Goa ndi Philippines. Guwa la Mafumu m'tchalitchi chachikulu cha Mexico City, limene Jerónimo de Balbás analiyamba mu 1718 n'kutha mu 1737, ndi phanga lathunthu la matabwa okutidwa golide. Pano pali chowawa chimene sitiyenera kuchilambalala: golide wa m'matchalitchi a Minas Gerais ku Brazil ankakumbidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Komabe akapolo omwewo ndi ana awo anakhazikitsa mabungwe awo a Kolona, n'kumanga matchalitchi awo, paguwa n'kuikapo oyera akuda monga Benedito wa ku Palermo ndi Efigênia. Ndipo wosema wotchuka koposa wa ku Brazil, Antônio Francisco Lisboa, wodziwika kuti Aleijadinho, amene anasema guwa la tchalitchi cha São Francisco de Assis ku Ouro Preto n'kumwalira mu 1814, anali mwana wa mmisiri wa Chipwitikizi ndi mayi wa Chiafirika amene anali kapolo.

Kusintha kwina kwakukulu kunabwera ndi Msonkhano Wachiwiri wa Vatican. Chikalata chake cha mapemphero cha 1963 chinati zithunzi zikhalebe koma zisachuluke mopitirira, ndipo malangizo a 1964 analimbikitsa kuti guwa lichoke kukhoma, wansembe athe kulizungulira ndi kuchita Misa atayang'ana anthu. Misa inayamba kumveka m'zilankhulo za anthu eni ake. Zosema zakale zinatsala kumbuyo, guwa latsopano lili patsogolo pake. Zina zinali zitapita kale kunyumba zosungira zakale. Cha ku Isenheim chili ku Musée Unterlinden mumzinda wa Colmar, zitseko zake zitapatulidwa n'kuimikidwa padera kuti mlendo aone zonse ulendo umodzi. N'zothandiza kwa wophunzira, koma pamenepo sipachitika Misa, ndipo palibe Lenti kapena Pasaka. Cha ku Kraków chinali ndi mwayi wina. Mu 1939 anthu a ku Poland anachiphwasula n'kukabisa ziboliboli zake ku Sandomierz, a Nazi anazipeza n'kuzitengera ku Nuremberg, zinabwezedwa mu 1946, ndipo mu 1957 chinaimikidwanso paguwa lake lomwe lija.

Chikalata cha 1963 chija chinanenanso kuti luso la mitundu yonse ndi maiko onse lipatsidwe malo mu Mpingo, ndipo ku Africa ena anali atayamba kale. Ku Oye-Ekiti m'dziko la Nigeria, Bambo Kevin Carroll anayamba mu 1947 kugwira ntchito ndi osema a Chiyoruba monga George Bandele ndi Lamidi Fakeye, amene anali Msilamu, kusema zitseko za matchalitchi ndi nkhani za m'Baibulo mwa kasemedwe ka kwawo. Ku Serima m'dziko la Zimbabwe, Bambo John Groeber a ku Switzerland anakhazikitsa mishoni mu 1948, ndipo tchalitchi chake chinadzazidwa ndi zosema za ana asukulu awo. Nicholas Mukomberanwa, amene anadzatchuka ndi kusema miyala, anaphunzirira kumeneko.

Kwathu kuno dzina ndi Mua, m'boma la Dedza, mishoni imene ansembe a White Fathers anaitsegula mu 1902. Bambo Claude Boucher Chisale, a ku Canada, anayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe otchedwa KuNgoni kumeneko mu 1976 pamodzi ndi osema a m'midzi yozungulira, ndipo ntchito zawo, mitanda, matabernakulo, maguwa, Njira ya Mtanda ndi matabwa osemedwa a kuseri kwa guwa, zili m'matchalitchi ambiri m'Malawi muno ndi kunja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 osema a ku Mua anakongoletsa nyumba yopemphereramo ya bungwe la Katolika lothandiza mishoni lotchedwa missio ku Munich, m'chigawo cha Bavaria momwe mulinso Nuremberg ndi Würzburg, mizinda imene Stoss ndi Riemenschneider ankagwiriramo ntchito. M'zosema za ku Mua atumwi ali ndi nkhope za Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo zizindikiro zake n'zochokera m'miyambo ya kuno. Ena amadabwa nazo, koma Stoss anachita zomwezo: anthu a m'zosema zake anavala zovala za ku Kraków ya masiku ake, ndipo ziwiya za m'nyumba zimene zikuonekamo n'za m'makomo a anthu amene anasonkha ndalama aja.

N'chifukwa chake zimandiwawa kuona parishi ikusonkhetsa akhristu ndalama zoitanitsira ziboliboli zoumbidwa pafakitale kunja, zofanana ndendende ndi zina zikwizikwi, pamene osema aluso akugulitsa njovu ndi mipando kwa alendo m'mbali mwa msewu. Zovuta zilipo ndithu. Mbawa ndi mlombwa wokhwima zikusowa, ndipo parishi yofuna chosema chachikulu iyenera kuganiza za kumene mtengo uchokere ndi kudzala ina m'malo mwake. Mtengowo umafuna kuuma mokwanira usanasemedwe, apo ayi ung'aluka chilimwe choyamba. Chiswe chimafuna kuti chosema chisakhudze pansi kapena khoma lonyowa, ndipo denga lodontha limawononga msanga kuposa chiswe chomwe. Ngakhale ku Ulaya mtengo umafumbwa: chosema cha ku Kefermarkt ku Austria, cha m'ma 1490, chinadyedwa ndi tizilombo mpaka mu 1929 anachita kutseka tchalitchi chonse n'kufukizamo mpweya wa poizoni. Pamwamba pa izi pamafunika kuti wansembe, komiti ya tchalitchi ndi wosema akhale pansi asanadule mtengo, agwirizane nkhani ya m'Baibulo kapena woyera amene asemedwe, kukula kwake, malipiro ndi nthawi yomalizira, ndipo azilembe, monga anachitira amonke a ku Mondsee ndi Michael Pacher mu 1471.